Dalaivala ndi kondakitala: zimene chaka cha 1949 chinasiya m'matupi mwathu

  Lero mlendo palibe, ndili ndekha, ndipo ndabwera ndi mbiri ya kunenepa ndi kuwonda.

Ndiyambe ndi ine mwini. Nditakhala ku London zaka zinayi osaponda kumudzi, ndinatsika ndege pa Chileka, azakhali anga akudikira panja. Atangondiona anawomba m'manja: "Ii, mwana wa achimwene, wanenepa bwanji! Kunjaku kwakuyanja eti?" Ine kumva kukoma. Mwezi wonse aliyense ankanena zomwezo, ndipo m'mbale mwanga simunkalowa mitanda yochepera itatu. Nditabwerera kuno, pasanathe milungu itatu, namwino wa pachipatala cha m'dera lathu anandiyeza magazi ndi BP, n'kundizunguliza tepi pamimba. Anati BP yakwera, shuga ali m'malire. Ndinali ndi zaka 31.

Thupi lake lomwelo, azakhali akuti dalitso, namwino akuti chenjezo. Ananama ndani? Ndaiganizira nthawi yaitali nkhaniyi, ndawerenganso, ndipo ndapeza kuti palibe amene ananama. Aliyense ankalankhula malinga ndi mbiri ya kwawo, ndipo mbiri ziwirizi mukazilondola zikukufikitsani ku 1949.

Tiyambire kwathu. Agogo anga aakazi anali a ku Lunzu, ndipo akafuna kutchula msinkhu wawo ankati, "Njala ya fote naini inandipeza ndikutha kusinja." M'dzinja la 1948 kulowa 1949 mvula inadula chimanga chidakali chaching'ono, ndipo m'chigawo cha kummwera kwa Nyasaland, makamaka m'boma la Blantyre, munagwa njala yoopsa. Anthu ankayenda masiku kukasuma, ena mpaka kumalire a Mozambique. Ankadya zikhawo za nthochi ndi mizu ya m'tchire. Boma la atsamunda linafika potsegula misasa yodyetsera anthu ofooka. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan analemba buku la njala imeneyi mu 1987, The Story of an African Famine, atacheza ndi amayi a m'derali ndi kumvera nyimbo zawo za pamtondo. Chimene amayiwo sanaiwale n'chakuti amuna ambiri anachoka ati kukafuna chakudya, ena osabwereranso.

Agogo anataya mlongo wawo wamng'ono chaka chimenecho. Ndiye m'nyumba mwawo munali lamulo: nsima sitayidwa, ikatsala ndi mkute wa mawa, ndipo mwana sadzuka pamkeka m'mbale muli kanthu. Tikapita kutchuthi ankatigwira mkono n'kuutsina pang'ono, kuona ngati muli mnofu. Ife tinkaseka, osadziwa kuti akuyeza chiyani.

Zimene zinatsatira sizinafufute mantha amenewa. Kamuzu pamisonkhano ankabwereza zinthu zitatu zimene ankafunira anthu ake: chakudya chokwanira, zovala, ndi nyumba yosadontha. Chakudya chinali poyamba. Kenako mu 1985 ku Malawi kunapezeka munthu woyamba wodwala Edzi, ndipo limodzi mwa maina amene anthu anapatsa matendawa munalimva: kaliwondewonde. M'zaka za m'ma 1990, munthu akangotsika thupi, anthu ankayamba kunong'onezana kumaliro ndi kumjigo. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, chizindikiro choti munthu wachira chinali chakuti thupi labwerera. Pakati pa zonsezi panabwera njala ya 2002. Mu February chaka chimenecho pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi. Ine ndinali ku pulayimale, ndipo ndimakumbukira mizere ya pa ADMARC, anthu atagona pomwepo ndi matumba opanda kanthu, komanso nsima ya madeya.

Ndiye azakhali akamati "wanenepa", akutanthauza kuti uli moyo, sukudwala, ukudya. Mawu amenewa anabadwa m'manda ndi m'mizere ya chimanga. Tisamawanyoze.

Tsopano tiwoloke nyanja, chaka chomwecho cha 1949. Ku Britain madokotala anali atathedwa nzeru: amuna azaka zapakati ankafa ndi matenda a mtima kuposa kale, ndipo chifukwa chake sichinkadziwika. Dokotala wina, Jerry Morris, amene anakulira m'banja losauka ku Glasgow, anaganiza zoyang'ana ntchito zimene anthu amagwira. Anasankha mabasi ofiira osanjikizana aja a mu London. M'basi iliyonse munali anthu awiri. Dalaivala ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse. Kondakitala, monga wa minibasi ya ku Limbe koma wovala yunifomu, ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama, masitepe 500 mpaka 750 patsiku. Ankachokera m'madera ofanana, ankapuma utsi umodzi, bwana wawo anali mmodzi.

Morris ndi anzake anatsatira zolembedwa za umoyo wa amuna pafupifupi 31,000, azaka 35 mpaka 64, m'zaka za 1949 ndi 1950. Zotsatira zinatuluka mu 1953 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Makondakitala ankadwala mtima mocheperapo, akadwala unkawagwira atakulako, ndipo imfa zofulumira za mtima zinali pafupifupi theka la za madalaivala. Poopa kuti mwina zangochitika, Morris anayang'ananso a positi. Onyamula makalata, oyenda pansi ndi panjinga, anali otetezeka kuposa anzawo okhala pa desiki ndi olumikiza matelefoni.

Anthu ambiri sanakhulupirire. Masiku amenewo anthu ankaona kuti kukhala pampando ndiko kutukuka, thukuta n'la osauka. Ena anatsutsa kuti madalaivala amafa chifukwa ndi onenepa basi. Morris anapita kwa osunga mayunifomu n'kupempha masaizi a mathalauza. Mu 1956 analemba zimene anapeza: zoona, madalaivala anali ndi ziuno zazikulu, ngakhale pongoyamba ntchito. Koma atapitiriza kafukufuku zinaoneka kuti saizi ya thalauza sinkafotokoza zonse. Kondakitala, kaya wowonda kaya wonenepa, anali wotetezeka kuposa dalaivala wa thupi longa lake. Gwirani mfundo imeneyi, tibwererako.

Makondakitala aja kulibenso. Mabasi akale a Routemaster anasiya ntchito ya masiku onse mu December 2005, ndipo lero timangogunditsa khadi n'kukhala pansi. Tonse tasanduka madalaivala. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi manetiweki, ndipo zambiri ndimazikonza ndili pampando, osafika n'komwe pa desiki ya munthu. Anzanga ena mumayendetsa Uber, ena mumalondera pageti maola 12, ena mumagwira usiku kosamalira okalamba, n'kumabwera m'mawa mutatopa moti chophika palibe. Pakona pali shopu ya nkhuku ndi tchipisi yotsika mtengo kuposa masamba. Botolo la Fanta limene kumudzi linali la pa Khirisimasi, kuno lili mufiriji tsiku lililonse. N'chifukwa chake mu April 2018 Britain ndi South Africa onse anakhazikitsa msonkho wa zakumwa za shuga.

Ndipo tinabwera ndi lamulo la agogo: osasiya kanthu m'mbale. Mitanda itatu inali yoyenera munthu amene walima mizere kuyambira m'bandakucha, wasenza ndowa kuchokera kuchitsime, wapita kuchigayo wapansi. Ife khasu tinalisiya kumudzi, koma mitanda tinabwera nayo yonse itatu.

Musaganize kuti ndi nkhani ya kunja kokha. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ku Malawi anapeza mu 1992 kuti amayi 10 mwa 100 alionse anali onenepa kupyola muyezo. Pofika 2015 ndi 2016 anali 21 mwa 100, ndipo m'matauni chiwerengero chinali chokwera kuposa pamenepo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'dziko limodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, mwana sakukula, mayi shuga akukwera.

Apa pakubwera gawo limene sindinaliuzepo anthu ambiri. Namwino uja atandichenjeza, ndinachita zimene munthu wa IT amachita: ndinatsegula Excel. Chilichonse cholowa m'kamwa chinali ndi mzere wake. Ndinasiya nsima, ndinasiya kadzutsa, sikelo ndinkaikwera m'mawa ndi madzulo. Miyezi iwiri yoyamba nambala inkatsika, anzanga kuntchito akuyamikira. Kenako china chake chinasokonekera. Ndinkaganiza za chakudya tsiku lonse, ndinkaonera mavidiyo ophika mpaka pakati pa usiku. Tsiku lina ndinadzidzimuka ndili chilili m'khitchini, buledi yense watha, mpunga wa masiku atatu watha, mimba ikupweteka koma dzanja silikuima. M'mawa manyazi, ndiye ku jimu kukadzilanga, kenako kusala, kenako usiku wina ngati womwewo. Zinatenga miyezi isanu ndi itatu. Kuphwando la a Malawi ndinkanama kuti ndadya kale.

Ndinkaona ngati ndine munthu wopanda khalidwe. Chimene chinanditsegula maso ndi mbiri ina, ya ku America. Mu 1944 nkhondo yachiwiri ili kumapeto, wasayansi Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota ankafuna kudziwa mmene angadyetsere anthu a ku Ulaya amene anavutika ndi njala. Anatenga anyamata 36 athanzi, odzipereka okha, amene anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo. Mu 1945, kwa milungu 24, ankawapatsa pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya kale, uku akuyenda makilomita 35 pamlungu. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lawo. Koma tamvani za m'mutu: anayamba kusonkhanitsa mabuku ophikira, kulota chakudya, kunyambita mbale, kupsa mtima msanga, kudzipatula. Atawamasula kuti adye, ena ankadya mpaka kudwala, n'kumanenabe kuti sakukhuta. Zotsatira zinasindikizidwa mu 1950.

Nditawerenga ndinangoti kakasi. Zonse zimene ndinkadziimba nazo mlandu zinalembedwa kale ndisanabadwe. Thupi silisiyanitsa njala ya ku Lunzu ndi njala ya pa Excel. Likamanidwa limachita mantha, ndipo likapeza mpata limadya ngati mawa kulibe. Ine, mdzukulu wa agogo aja, ndinadzipangira fote naini yangayanga m'kachipinda ka ku London, firiji ili yodzaza.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Aaa, matenda a kadyedwe amenewo ndi a azungu." Maganizo amenewa nawonso ali ndi mbiri yake. Dzina loti anorexia nervosa, matenda odzimana chakudya mpaka kuika moyo pachiswe, analipereka William Gull, dokotala wa Mfumukazi Victoria, ku London mu 1873, ndipo chaka chomwecho Charles Lasègue analemba za vuto lomweli ku Paris. Bulimia nervosa, kudya mopyola kenako kudzisanzitsa kapena kudzilanga m'njira zina, analifotokoza Gerald Russell mu 1979, ku London komweko. Poti odwala amene madokotalawa ankawaona ambiri anali atsikana achizungu, dziko linazolowera kuti ena sizimawakhudza. Ukafika kuchipatala uli mnyamata wakuda, si funso limene limabwera msanga.

Koma taonani zimene zinachitika ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Kumeneko anthu ankakonda thupi lodzaza ngati mmene timachitira ife, ndipo kuuza munthu kuti wawonda kunali kumudandaula. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Chaka chimenecho Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu, ndipo panalibe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuwonda. Atabwerera mu 1998, atsikana 11 mwa 100 alionse anavomera kuti amatero. Zaka zitatu zokha. Ku South Africa nako, m'zaka za m'ma 1990, madokotala a ku Johannesburg anayamba kulemba za atsikana akuda odwala matenda omwewa. Chikhalidwe sichinawatchinge. Nanga inu amene mumakhala pakati pa mbali ziwiri, kunyumba akuti onjeza nsima, pa Instagram akuti chiuno chikhale ngati cha mavu, mukuganiza kuti ndinu otetezeka?

Tinenepo za nambala imene imatisowetsa tulo, BMI. Anaiyambitsa Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830. Sanali dokotala, anali katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ndipo ankayeza anthu a ku Ulaya pofuna kudziwa mmene anthu ambiri amakhalira. Dzina loti BMI analipereka mu 1972 ndi Ancel Keys yemwe uja wa ku Minnesota, ndipo ankaiona ngati chida chowerengera magulu a anthu. Siidziwa kuti uwu ndi mnofu, awa ndi mafuta, komanso siidziwa pamene mafutawo akhala. Koma musathamangire kusangalala. Kuno ku Britain, bungwe la NICE limene limalemba malangizo a zachipatala linatsitsa malire a anthu akuda ochokera ku Africa ndi magulu ena: kunenepa kumayambira pa 23 m'malo mwa 25, kunenepa kwambiri pa 27.5 m'malo mwa 30, chifukwa shuga amatigwira tili ndi thupi locheperapo. Bungwe lomweli limalangiza njira yosavuta: mimba yanu pozungulira isafike theka la kutalika kwanu. Tengani chingwe, yezani msinkhu wanu, chipindeni pakati, zungulizani pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chikalephera kukumana, kayezetseni BP ndi shuga. Chakudza sichiimba ng'oma: BP imatha kukwera zaka osamva kupweteka paliponse.

Ndiye tichite chiyani, poti kudya mosasamala kukutipha, kudzimana nako kukutipha? Ine pano ndi pamene ndimabwerera kwa kondakitala uja. Sankawerenga chakudya, analibe sikelo m'bafa, sankafuna thupi la pa chithunzi. Ankangokwera masitepe tsiku lililonse, ndipo mtima wake unkapindula kaya thalauza lake ndi lalikulu kaya laling'ono. Morris mwini anatsatira zimene anapeza: ankathamanga ku Hampstead Heath nthawi imene anthu ankaona wothamanga mumsewu ngati wazungulira mutu, ankasambira mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99. Lero bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pamlungu. Ndi mphindi 30 masiku asanu, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa.

Kwa ine zinayamba ndi kuulula. Mlongo wanga, amenenso ali kuno, anandifunsa tsiku lina, "Achimwene, bwanji simukudyanso nafe?" Ndinamuuza zonse. Iye ndiye anandikakamiza kubwerera kwa dokotala, amene sanadabwe n'komwe, n'kunditumiza kwa mlangizi. Chinthu choyamba chimene anandiuza chinandidabwitsa: ndizidya katatu patsiku, nthawi yake, osadumphitsa. Excel ija ndinaifufuta. Nsima inabwerera, ya mgaiwa, mtanda umodzi kapena iwiri, masamba ambiri, nyemba, usipa ukapezeka. Fanta anabwerera pa Khirisimasi. Basi ndimatsika kutatsala masiteji awiri, kuntchito chikepe ndinachisiya, ndipo munthu akaimba kuti pulinta yavuta ndimapita ndekha m'malo molowa pa kompyuta yake ndili pampando.

Loweruka m'mawa ndimapita ku parkrun. Ndi makilomita 5, ulere, kaya uthamanga kaya uyenda. Anaiyambitsa mu October 2004 ku Bushy Park muno mu London ndi Paul Sinton-Hewitt, wobadwira ku Zimbabwe n'kukulira ku South Africa, ndipo tsiku loyamba anathamanga anthu 13. Ku South Africa inafika mu 2011, ku Delta Park mu Johannesburg. Ulendo wanga woyamba anandipitirira agogo ena a imvi mbuu akukankha mdzukulu pangolo. Ndinabweranso mlungu wotsatira. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Patha zaka zitatu tsopano, thupi latsika pang'ono chabe, sindine wowonda ayi, koma BP ili m'malo ndipo shuga anachoka m'malire muja.

Mawu awiri kwa inu musanatseke. Ngati mwazindikira kuti nkhani yanga ya m'khitchini ija ndi yanunso, kapena mukudzimana, kapena mukudzisanzitsa, kapena jimu yasanduka chilango, uzani munthu mmodzi mlungu uno, kenako pitani kwa dokotala. Anorexia ndi amodzi mwa matenda a maganizo amene amapha kwambiri, si nkhani yodikira. Ku Britain kuli bungwe la Beat lothandiza pa matenda a kadyedwe, ku South Africa kuli SADAG. Ngati muli ndi vutoli, funsani kaye dokotala musanayambe zothamanga. Ndipo kwa tonsefe: tikakumana pa ukwati kapena pa 6 July, tiyeni tipeze moni wina. "Wanenepa" ndi "wawonda" timawaponya mosaganiza, koma simudziwa nkhondo imene mnzanuyo akumenya. Kumufunsa kuti "uli bwanji" n'kokwanira.

Mwezi wathawu ndinaimbira azakhali pa WhatsApp, ya vidiyo. Anayandikitsa foni kumaso, n'kukhala chete pang'ono. "Iwe, masaya aja apita kuti? Ukudwala?" Ndinati, "Iyayi azakhali, ndili bwino kuposa kale. Ndikudya katatu. Kungoti ndinayamba kuyenda." Anaseka mpaka foni kugwa. Ataitola anati, "Ndalama zonse za ndege zija, unapita ku Ulaya kukaphunzira kuyenda?" Iwo ali ndi zaka za m'ma 60, kumunda kwawo ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo amapita ndi kubwera wapansi. Ndinalibe choyankha.

 Tilembereni mutiuze moni amene munalandira ulendo watha mutafika kumudzi, ndi mmene munamvera mumtima. Tikumana mlungu wamawa. Khalani bwino.